Nsapato Yothina Si Mphatso

Anthu ambili a m'makomboni a ku Chipata ndi ku Lusaka akakumbuka makolo ao ku Tembwe, m'boma la Chama, amagula nsapato za salaula pa msika wa Kapata kapena wa Soweto ndi kuwatumizila. Mtima wace ndi wabwino, koma kugula poyang'ana nambala cabe ndi kulakwa.

Phazi la mlimi amene anakula wosavala nsapato m'minda ya mpunga limakhala lotambalala. Ena mapazi amatupa, ena zala zinapindika. Nsapato ya nambala 8 ingakwane m'litali koma ndi kuthina m'mbali. Kwa wodwala shuga kapena amene anadwalapo khate, ici ndi coopsa, cifukwa mitsempha ya kuphazi imafa ndipo thuza silimveka kuwawa. Thuzalo limasanduka cilonda, ndipo cilonda colekelela cingadulitse mwendo.

Njila yabwino ndi yosavuta. Kholo liimilile pa pepala madzulo, pamene mapazi atupa ndi kuyenda, ndipo mdzukulu alembe mzele kuzungulila mapazi onse awili. Wogula apite nalo pepalalo kumsika ndi kuyesela phazi lalikulupo. Asankhe nsapato yotakata kutsogolo, yofewa mkati, ya zingwe, yosiya mpata wa sentimita 1 patsogolo pa cala cacitali. Apewe za pulasitiki, pakuti m'cigwa ca Luangwa mumatentha kwambili.

Wogula asayembekeze kumva dandaulo kucokela kumudzi. Nkhalamba sinyoza mphatso ya mwana wace. Idzaivalabe popita ku chalichi, ngakhale ikutsimphina.