Tisataye tizidutswa ta chitenje

Abale ndi alongo kuno ku Ellenbrook, tikasoketsa chovala timatsala ndi tizidutswa ta chitenje chochokera kumudzi. Tisamataye ayi, tili ndi ntchito.

Ife anamwino timaona mmene zipi imavutitsira agogo athu amene ali ndi nyamakazi ya m'zala. Kachikwama kotseka ndi sipuling'i sikavuta: ukafinya m'mbali ndi dzanja limodzi kamayasama, ukasiya kamadzitseka kokha.

Sipuling'iyo ndi tizitsulo tiwiri topyapyala tolumikizana kumapeto, ndipo imapezeka m'masitolo a zosokera. Ngati ndi ya masentimita 10, tidule zidutswa ziwiri za chitenje ndi ziwiri za nsalu ya m'kati, chilichonse masentimita 13 m'lifupi ndi 18 m'litali. Tisoke matumba awiri, koma kumwamba tisiye masentimita 4 osasoka mbali zonse. Tilowetse thumba la m'kati m'linzakelo, tipinde milomo, tisoke mpata wopitamo tizitsulo tija. Tikatilowetsa titseke ndi kamsomali kake. Apa osapupuluma, kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'kachikwamamu mumakwana makiyi ndi khadi ya SmartRider yokwerera sitima yathu ija inayamba kuyenda mu 2024. Tikaikamo mankhwala, akhale m'paketi yake, kutali ndi ana, ndipo tisawasiye m'galimoto, chifukwa dzuwa la ku Perth mu Januwale limawononga mankhwala.

Loweruka lino tikhale pansi ndi ana athu, anyamata omwe, aphunzire kugwira singano. Koyambako apatse agogo.