Musafulumire kufufuta Windows.old

Kaya laputopu yanu ya kaunjika munagula ku Liwonde kaya pa Balaka, mwina mwaikamo kale Windows 11, poti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. Mukatero malo pa disiki amachepa, ndiye anzanu amayamba kukunong'onezani kuti fufutani foda ya Windows.old.

Ine ndikuti dikirani kaye. Fodayo imasunga Windows yakale, moti printa kapena Wi-Fi ikakana kugwira, mumabwerera mwakale mosavuta. Komanso pakatha masiku 10 kompyuta imaichotsa yokha. Mukaifufuta msanga, kubwererako ndi kudawunilodanso ma GB angapo, ndipo mtengo wa bandulo mukuudziwa.

Malo akathina, samutsirani pa fulashi mafilimu munaonera kale aja. Manotsi a MSCE okha sangadzaze disiki ayi.