Tisagulitse nyama motaya pamene migolo ilipo

Aliyense amene anaphapo mbuzi kapena nkhumba pa tsiku la msika akudziwa mmene mtima umagundira ikamakwana 4 koloko madzulo. M'mawa mwini mtengo umakhala iwe. Dzuwa likapendeka, ntchentche zitachuluka, mtengo amanena ndi wogula, iwe n'kumangovomera poti ukudziwa kuti nyamayo siifika mawa. Chimodzi-modzinso alimi a nsomba za m'madamu. Mukakokola damu lonse tsiku limodzi, makumba ndi chilunguni sizidikira kuti mupeze wogula wa mtengo wabwino.

Lero ndati ndikambeko za chida chimene ndachigwiritsa ntchito zaka ziwiri tsopano: mgolo wowambira nyama. Anzanga ena amene tinali nawo kusukulu ya zaulimi amandiseka, amati izi n'zoseweretsa za mabwana a m'tauni okonda kuotcha nyama Loweruka. Ine ndikukana. Amene akuufuna kwambiri mgolowu ndi mlimi wa kumudzi yemwe alibe magetsi ngakhale filiji.

N'zoona kuti kapangidwe kamene ndikunenaka kanatchuka ku America. Kumeneko nyama yophikidwa pang'ono-pang'ono ndi utsi amaikonda kwabasi, ndipo amene safuna kutaya ndalama pa mauvuni a m'sitolo amangotenga mgolo wa malita 200 n'kuuboola. Anachita kuupatsa dzina loti Ugly Drum Smoker pouseka kunyansa kwa maonekedwe ake. Koma nzeru yake si yachilendo kuno ku Africa. Amayi a ku Ghana ankawamba nsomba m'migolo kuyambira kale, ndipo mu 1969 bungwe la FAO pamodzi ndi Food Research Institute ya dzikolo anakonza uvuni wa dothi wotchedwa Chorkor, dzina la dera la asodzi ku Accra. Mgolo wa ku America ndi uvuni wa ku Ghana zimagwirizana pa mfundo imodzi: moto wotsekeredwa umadya nkhuni zochepa ndipo suthamanga.

Taonani mmene anyamata a kanyenya amachitira pa Lizulu, pa Mponela kaya pa msika wanu womwewo. Mgolo amaudula pakati, n'kuika sefa pamwamba pa makala. Mphepo imalowa paliponse, makala amanyeka msanga, nyama imapserera kunja m'kati ikadali yofiira. Mgolo wowambira suudula choncho ayi. Umaima chilili, moto pansi, nyama pamwamba patali ndi moto, chivundikiro chili chotseka. Mpweya umalowa pa mabowo ochepa amene inu mwini mumatsegula ndi kutseka. Mukachepetsa mpweya moto umafatsa, mukaonjeza umadzuka. Luso lonse lagona pamenepo basi.

Tisanafike pa kapangidwe, nkhani yaikulu ndi ya mgolo womwewo, ndipo apa ndichedwapo pang'ono. Funsani chimene munali mu mgolomo musanapereke ndalama. Wabwino ndi umene munali mafuta ophikira kapena zakudya zina. Mgolo umene munali mankhwala a thonje, a fodya, a dibi, phula kapena penti usiyeni, ngakhale akupatseni ulele. Kutsuka ndi sopo sikuchotsa mankhwala amene anamatirira m'mphepete mwa chitsulo, ndipo moto ukayaka amakwera ndi utsi kulowa m'nyama imene mudyetse ana anu ndi makasitomala anu. Wogulitsa akati sakudziwa chimene munali, ndiye kuti yankho mwalimva kale. Umene munali petulo, dizilo kapena palafini uli ndi ngozi ina: mpweya wotsalira m'katimo umaphulika pamene wowotcherera wagunditsa moto wake, ngakhale mgolowo uoneke wouma. Anthu avulala nazo zimenezi.

Mukaupeza wabwino, tsegulani kumwamba kwake bwino-bwino kuti chitsulocho chikhale chivundikiro. Kolezani moto waukulu m'katimo mpaka penti yense wa kunja ndi wa m'kati atayuka, kenaka kwechani ndi mchenga, tsukani, n'kupaka mafuta ophikira pang'ono.

Boolani mabowo atatu, lililonse lotambalala masentimita 2, kuzungulira mgolowo, masentimita 6 kapena 8 kuchokera pansi. Pa bowo lililonse mangani kachidutswa ka lata ndi bauti imodzi kuti kazitha kusendezeka. Ngati zimenezo zavuta, dongo lonyowa limatseka bwino lomwe. Pa chivundikiro boolani timabowo 8 ta sentimita imodzi totulutsira utsi. Makala asakhale pa chitsulo cha pansi. Muwakonzere kadengu ka zitsulo kokhala ndi miyendo, kuti phulusa lizigwera pansi osatseka moto. Limu yakale ya galimoto imagwira ntchito imeneyi mutaiotcha kaye. Sefa ya nyama ikhale masentimita 60 pamwamba pa makala, itakhazikika pa mabauti atatu kapena anayi. Sefayi ikhale ya chitsulo chakuda wamba. Waya wonyezimira wa mpanda ndi sefa ya khola la nkhuku anazikuta ndi mtundu wa chitsulo umene umatulutsa utsi woipa ukatentha.

Tsiku loyamba ine ndinalakwitsa, ndipo ndinene kuti ena asabwereze. Ndinayatsa makala onse nthawi imodzi, mabowo onse ali pululu, ndiponso mphindi khumi zilizonse ndinkavundukula kuti ndione. Kuvundukula kulikonse kunali kuupatsa moto mpweya. Pasanathe maola awiri mwendo wa mbuzi unali bii ngati chitsa, agalu okha ndiwo anakondwa. Njira yake ndi iyi: dzazani kadenguko makala osayaka, pamwamba pake ikanipo makala oyaka odzaza dzanja limodzi kapena awiri, vundikirani. Mgolo ukatentha tsekani mabowo awiri, limodzi lokha likhale lotsegula. Moto umatsika wokha pang'ono-pang'ono, moti makala a makilogalamu 4 kapena 5 amatha kufika maola 10. Kutentha kofunika ndi madigiri 110 mpaka 120. Opanda choyezera aziyang'ana utsi. Ukakhala wopyapyala, wooneka mobiriwira pang'ono, zili bwino. Ukamatuluka woyera wa tolo-tolo ndiye kuti moto ukubanika ndipo nyama iwawa.

Wina anena kuti agronomisiti uyu akulimbikitsa makala pamene mapiri athu ayera. Funso limeneli n'loyenera. Lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, sililola kuotcha makala popanda chiphaso, ndipo ine sindikutuma munthu kukagwetsa mitengo ya chilengedwe. Mgolo sufuna zambiri. Nthambi zimene mwasadza ku mango, gwafa, malalanje ndi mandimu, mitengo ya nandolo mukakolola, ngakhale zitsononkho zouma, zonsezi mukhoza kuziyatsa padera mpaka zitasanduka makala a moto n'kumathira mu kadengu, ngakhale kuti zimatha msanga kuposa makala enieni. Zidutswa ziwiri zitatu za mango wouma pamwamba pa makala ndizo zimapatsa nyama fungo lokoma. Paini ndi bulugama zimawawitsa nyama. Nkhadze ndi poizoni. Matabwa opaka penti, mitengo yonyikidwa m'mankhwala, ndi majumbo amene ambiri timakolezera mbaula, zisayandikire n'komwe.

Phindu limene ambiri saliganizira lili pa ziweto zokalamba. Mbuzi yaikazi imene yasiya kuswa, kapena tambala wachikuda wa zaka zitatu, mavenda amagula monyoza poti nyama yake njolimba. Pa moto wa changu imalimbiratu ngati chikopa. Koma mitsempha imene imalimbitsa nyamayo imasungunuka ikakhala pa moto wofatsa nthawi yaitali. Mwendo wa mbuzi wothira mchere, adyo ndi tsabola usiku wake, ukakhala mu mgolo maola 5 kapena 6, umachita kusiyana wokha ndi fupa. Nkhuku yathunthu imafuna maola atatu kapena kuposerapo. Yapsa pamene mwabaya pafupi ndi fupa n'kutuluka madzi oyera, osati ofiira. Pa nkhumba musachite chibwana, ipse mpaka m'kati mweni-mweni, ndipo ya masese isalowe mu mgolo ngakhale pang'ono. Amene amati makasitomala a kanyenya alibe nthawi yodikira maola 6 akuiwala kuti mgolo amauyatsa m'bandakucha. Pofika masana nyama imakhala itapsa, ikungodikira mpeni, ndipo mwini wake wagwira ntchito zina m'mawa wonse.

Tsono pali kusiyana kumene ndikufuna kumveke bwino, chifukwa ena angadwale nako. Nyama yofewa ya madzi-madzi imene ndafotokozayi ndi yophika chabe, si yosunga. Idyedwe kapena igulitsidwe tsiku lomwelo. Chimene chimasunga nyama ndi mchere ndi kuuma, utsi umangothandizira. Choncho yotsala pa msika ija muilenge-lenge mizere yopyapyala yosaposa chala, muchotse mafuta poti ndiwo amayamba kununkha, muthire mchere wokwanira, ndipo muiwambe pa moto wochepa kwambiri usiku wonse mpaka igwe madzi onse. Nsomba nazo n'chimodzi-modzi. Muzitumbule, muzitsuke ndi madzi abwino, muzinyike m'madzi a mchere, zidonthe kaye pa mthunzi. Zowamba maola awiri kapena atatu zimangokhala masiku awiri atatu. Zimene zakhala maola 10 mpaka 18, zouma gwa, zimatha miyezi ngati mwazisunga pouma ndi kumazibwezera pa utsi nthawi ndi nthawi. Mlimi amene ali ndi dengu la makumba ouma akhoza kumukanira wogula, n'kudzapita nazo msika wa sabata ya mawa.

Mgolo uli ndi zofooka zake, sindibisa. Ngwaung'ono, sungawambe nsomba za damu lalikulu ulendo umodzi ngakhale mutaika masefa awiri. A magulu a nsomba angachite bwino kumanga uvuni wa njerwa. Chitsulo chimataya kutentha kukakhala mphepo ya mwera m'miyezi ya June ndi July, choncho uikeni pobisika kapena muumangire njerwa m'mbali. Umachitanso dzimbiri, makamaka mukasiya phulusa m'katimo n'kunyowa.

Chomaliza ndi cha alimi a nkhumba. Chigodola chikalowa m'mudzi, pamakhala chiyeso chopha nkhumba zodwala msanga-msanga n'kuziwamba kuti ndalama isapite yonse. Kachirombo ka chigodola kamatha kukhala ndi moyo miyezi m'nyama yothira mchere ndi yowamba. Nyamayo ikapita ku msika wina, makombo ake n'kugwera m'khola la mnzanu, mwapha nkhumba za mudzi wonse umenewo. Chiweto chofa chokha kapena chodwala chikwiriridwe mozama, ndipo chimene mukupha kuti mugulitse ayambe achiona alangizi a ziweto a m'dera lanu.