Wanjinga Ndiye Amagwidwa

Malasha amene timaphikira nsima ku Masala amachokera ku Masaiti, ku Mpongwe ndi ku Lufwanyama. Ena amabwera pa malole, koma ambiri amabwera pa njinga, matumba atatu kapena anayi atamangidwa ndi malegeni, munthu akukankha usiku wonse kuti afike kusanache. Sikuti amayenda usiku pothawa dzuwa lokha ayi. Akuthawanso funso lakuti pemiti ili kuti. Akalephera kuyankha, malasha amalandidwa, nthawi zina ndi njinga yomwe. Mawa lake timamva bwana wina pa wailesi akutiuza kuti boma silidzasekerera owononga nkhalango.

Ine ndikuti chimenechi ndi chinyengo, ndipo ife achinyamata a m'makomboni tisiye kuchiwombera m'manja. Sindikunena kuti mitengo isatetezedwe. Amene anakwerapo basi kupita ku Mpongwe anaona yekha zitsa zili mbwee pamene panali mitondo ndi misuku, ndipo amayi ogulitsa bowa pa msika wa Masala nthawi ya mvula angakuuzeni kuti tente akuchokera kutali chaka ndi chaka. Chimene ndikukana n'chakuti lamulo la nthaka ndi mitengo m'dziko muno lili ndi maso akuthwa likayang'ana pansi, koma likayang'ana kumwamba limachita khungu.

Tiyambe ndi pemiti yomweyo. Lamulo la nkhalango la 2015 limati wootcha malasha ogulitsa akhale ndi chilolezo, ndipo wowanyamula kupita nawo kutauni akhale ndi china. Mapepalawa amatengedwa ku ofesi ya zankhalango, pa boma. Tsono taganizirani munthu wa m'mudzi wa kwa Mfumu Nkambo, amene chimanga chake chinapsa ndi dzuwa ndipo mwana wake akufuna nsapato za kusukulu. Ayenera kupeza ndalama ya ulendo wopita pa boma la Masaiti ndi kubwerera, apeze ina ya chilolezo, aluze tsiku lathunthu, zonsezi asanagulitse ngakhale thumba limodzi. Ndalama imeneyo alibe, n'chifukwa chake akuotcha malasha. Wamalole ndiye ali nayo. Iye amagula mapepala ake bwinobwino, n'kupita m'midzi momwemo kukagula malasha pa mtengo wolira kwa anthu amene akuopa kukankha okha njinga, n'kudutsa pa rodibuloko akumwetulira. Mtengo wagwa chimodzimodzi, uvuni wafuka chimodzimodzi. Chimene pemiti yachita ndi kusankha amene adye phindu.

Ndipo asamatiuze ngati kuti nkhalango za chigawo cha migodi zinayamba kutha tsiku limene wosauka anagula nkhwangwa. Mu 1928 boma la atsamunda linadula malire a malo okhala anthu akuda, ndipo Alamba, eni ake a dziko lino, anakankhidwira m'malo amenewo kuti migodi ndi mafamu a azungu zipeze potambalala. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi m'zaka za m'ma 1950, malasha amiyala ochokera ku Wankie atayamba kuperewera, makampani a migodi anadula mitengo ya m'nkhalango zathu n'kumaitentha kuti makina asaime. Palibe amene analandidwa njinga pamenepo. Lero mukatuluka mu Ndola mumaona minda ya paini ya ZAFFICO ili m'mizere yowongoka, yokongola pa chithunzi, koma mmenemo simungatole masuku kapena finkubala. Mdzukulu wa Mlamba amene anachotsedwa pa nthaka yake ndiye lero akuphunzitsidwa za chilengedwe ndi munthu wochokera kumayadi.

Apamwamba akafuna nkhalango sapita ndi nkhwangwa usiku. Amapita ndi cholembera masana. Nkhani ya Forest 27, kum'mawa kwa Lusaka, aliyense wa ife ayenera kuidziwa pamtima. M'nkhalango imeneyi ndimo mumachokera madzi a mtsinje wa Chalimbana, umene umathira mu Chongwe. Mu 1983 boma linaichotsa pa mndandanda wa nkhalango zotetezedwa. Madzi atayamba kuphwa, anthu a m'mbali mwa mtsinjewo anadandaula, analemba makalata, mpaka mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linaibwezera. Anthu wamba anapambana. Koma mu 2017 chidutswa chachikulu chinachotsedwanso ndi chikalata chimodzi cholembedwa mu Gazeti ya boma, ndipo posakhalitsa nyuzipepala zinayamba kulemba mayina a nduna ndi akuluakulu ena amene anapezamo mapuloti. Taonani kusiyana kwake. Wanjinga akaphwanya lamulo, amakumana ndi lamulolo pamsewu. Wamkulu safunika kuliphwanya, amangolisuntha pang'ono kuti mpanda wake ukwane, ndipo nyumba yake imakhala ndi taitolo ya zaka 99 yosainidwa bwino.

Wina anena kuti za ku Lusaka n'za ku Lusaka. Chabwino, tibwerere kwathu kuno. Mu 2020 nduna yoona za maboma aang'ono, a Charles Banda, inaimitsa makhansala a khonsolo ya Kitwe ndi ya Lusaka kwa miyezi itatu chifukwa cha kugawa malo mosatsata lamulo. Miyezi itatu! Kenaka anabwerera m'mipando. Mu Ogasiti 2022 ku Chingola katapila analowa ku Kasompe usiku n'kugumula nyumba zopitirira 300 zimene zinamangidwa pa bwalo la ndege. Anthu anatuluka ndi matilesi pamutu, ana akulira. N'zoona, pa bwalo la ndege sipamangidwa nyumba. Koma nyumba 300 sizimera usiku umodzi ngati bowa. Pali amene analoza malowo ndi chala, pali amene analandira ndalama, pali amene ankadutsa tsiku ndi tsiku akuona njerwa zikukwera kuchoka pa maziko kufika pa malata, osanena kanthu. Tonse a m'makomboni timadziwa mmene puloti imagulidwira: makada a chipani, tcheyamani wa dera, kapepala kokhala ndi chidindo chimene sungachidziwe ngati n'chenicheni. Wogula amakhala mayi amene wagulitsa tomato zaka khumi. Katapila akabwera amapeza mayiyo. Wogulitsa uja amakhala atasintha kale malaya a chipani.

Pa 18 Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linaphulika. Chiwerengero choyamba chinati malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi analowa m'mtsinje wa Mwambashi n'kupitirira mu Kafue. Nsomba zinayandama, minda ya m'mbali inapsa, mipopi ya ku Kitwe inatsekedwa. Dziko lino lili ndi bungwe la ZEMA, limene lamulo la 2011 linalipatsa mphamvu zoyendera ndi kutseka malo oopsa. Mgodi sungatsegulidwe popanda mapepala ambirimbiri. Ndiye funso langa n'losavuta: anthu angati anakayendera khoma la damu lija chaka chimenecho lisanagwe, ndipo ndi angati anaima pamsewu kudikira njinga? Wootcha malasha angafunike moyo wake wonse ndi wa ana ake kuti awononge zimene zinawonongeka tsiku limodzi lija.

Tsono apa ndisiyana ndi anzanga ena amene timakhala nawo pa kantemba madzulo. Iwo amati, popeza akuluakulu akudya, nafenso tidye: upeze malo alionse, ukhome zikhomo, umange, za malamulo n'za anthu okhuta. Ndimaumva mkwiyo wawo, koma nzeru imeneyi imapha ife tomwe. Madzi amene timamwa ku Ndola ambiri amachokera mu Kafubu, ndipo Kafubu amadalira madambo ngati la Itawa. Dambo limagwira madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono nthawi ya chilimwe. Mukalidzaza ndi zinyalala ndi simenti, mvula ikagwa madzi alibe kolowera, amalowa m'nyumba. Chilimwe chikafika mtsinje umachepa. Pa dambo madzi ali pafupi, ndiye chimbudzi chokumba ndi chitsime zimamwerana pansi pa nthaka. Kolera ya 2023 ndi 2024 inapha anthu oposa 700 m'dziko muno, mpaka bwalo la mpira la Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala, ndipo amene anagona pamenepo ambiri anali a m'makomboni. Wa kumayadi ali ndi chitsime chakuya, thanki pamwamba ndi madzi a m'botolo. Dambo likafa iye sadziwa n'komwe. Lamulo loletsa kumanga m'dambo ndi la ife kuposa mmene lilili la iye, ndipo n'chifukwa chake zimandipweteka kuona likugwiritsidwa ntchito ngati chikwapu chokwapulira ife tomwe.

Chimene chikuchitika mwakachetechete ku Masaiti ndi ku Mpongwe n'choopsa kuposa rodibuloko. Lamulo la nthaka la 1995 limati nthaka yonse ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a Zambia, ndipo limalola kuti malo a mfumu asandutsidwe a taitolo ngati mfumu ndi khonsolo avomera. Limatinso anthu amene akhudzidwe afunsidwe kaye. Mawu abwino. Koma malo akangosanduka a taitolo sabwereranso kwa mfumu, ndipo kufunsidwa kuja nthawi zambiri kumathera pa msonkhano umodzi pansi pa mtengo, pamene akulu akulankhula ndipo achinyamata ali kumbuyo akumvetsera. Anthu a m'tauni okhala ndi ndalama akugula mahekitala kumeneko tsiku ndi tsiku, ena oti alime, ena oti angomanga waya n'kudikira mtengo ukwere. Fakitale ya simenti ya Dangote inatsegulidwa mu 2015 m'dera la Mfumu Chiwala, ndipo malo onse oyandikira misewu akuyang'anidwa ndi maso a njala. Munthu akagula mahekitala 200 n'kugwetsa mitengo yonse ndi makina, timati chitukuko, timamujambula ndi nduna. Mnyamata amene kwawo kunali pamenepo, amene tsopano alibe polima, akatola mitengo yomweyo n'kuiotcha, timati mdani wa chilengedwe. Kenaka amatopa, amabwera ku Masala kudzachita lendi kachipinda kamodzi, ndipo ife timadabwa kuti lendi ikukwereranji.

Za magetsi sindichedwapo, mukuzidziwa. Mu 2024 chilala chitauma Kariba tinkakhala maola oposa 20 opanda magetsi, ndipo mbaula inayaka m'nyumba iliyonse, ngakhale m'nyumba za amene amalalikira za mitengo. Chaka chomwecho nduna ya zachilengedwe, a Collins Nzovu, inaletsa kupereka zilolezo za malasha ku Mumbwa, ku Itezhi-Tezhi ndi ku Shibuyunji. Sindikutsutsa kuti nkhalango za kumeneko zinali pamoto. Koma kuletsa wootcha pamene wophika alibe china chophikira ndi kungokweza mtengo wa thumba ndi mtengo wa chiphuphu.

Chodabwitsa n'chakuti zida zolimbana ndi zonsezi zilipo kale m'mabuku a boma, zikungochita fumbi. Lamulo lomwe lija la nkhalango la 2015, pamodzi ndi malamulo ake aang'ono a 2018, limalola anthu a m'mudzi kupanga gulu, kulembetsa nkhalango yawo, n'kupatsidwa mphamvu zoiyang'anira ndi kupindula nayo. Mudzi ukadziwa kuti uchi, bowa ndi mitengo ya m'nkhalango iyi n'zawo mwalamulo, ndipo kuti palibe amene adzabwere ndi taitolo mawa, umadzipangira wokha alonda, umadula mbali imodzi n'kusiya ina iphuke, pakuti mitengo ya m'nkhalango zathu imaphukanso pachitsa ikapanda kuzulidwa. Bwanji ofesi ya zankhalango isathere mafuta ake kuyenda m'midzi ya kwa Mushili ndi kwa Chiwala kuthandiza anthu kulembetsa magulu amenewa, n'kumapereka zilolezo komweko, m'malo modikira pamsewu? Ine yankho langa n'lakuti gulu lolembetsa silipereka kanthu m'thumba la munthu, pamene njinga yogwidwa usiku imapereka.

Lamulo la mapulani a matauni ndi madera la 2015 limati khonsolo iliyonse ikhale ndi pulani yosonyeza pomanga nyumba, pa msika, pa sukulu, ndi posakhudza, ndipo anthu atengepo mbali poikonza. Inu amene mukuwerenga, munaionapo pulani ya dera lanu? Mapu amenewo ayenera kukhomedwa pa khoma la msika wa Masala, pamene aliyense amadutsa, m'Chibemba, m'Chilamba ndi m'Chinyanja, ndi mzere wofiira pozungulira dambo lililonse. Pambali pake pakhale mndandanda wa mapuloti amene khonsolo yagawa chaka chino, nambala yake ndi dzina la wolandira. Mayi wa tomato uja akanakhala ndi poyang'ana asanapereke ndalama zake kwa tcheyamani. Chinyengo cha mapuloti chimakhalira moyo pa chinthu chimodzi, kuti mapu ali m'kabati ndipo kiyi ali ndi munthu mmodzi.

Kuyambira mu Disembala 2023 tili ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha ndi kuona zikalata za boma. Tilinso ndi makomiti a chitukuko m'wodi iliyonse, amene ambiri a ife timawakumbukira pokhapokha pamene ndalama za CDF zatuluka. Ine kalata yanga ndikuilemba sabata ino, yopita kwa a Town Clerk a Ndola, kupempha mapu a madambo a mu mzinda uno ndi mayina a onse amene anapatsidwa malo m'mbali mwa Kafubu m'zaka khumi zapitazi. Kalata imodzi amatha kuiika pansi pa fayilo. Makalata 200 ochokera ku Masala, ku Kabushi, ku Lubuto ndi ku Chifubu, onse ofunsa mapu omwewo, sakwana pansi pa fayilo imodzi. A khansala athu akadzabwera ndi zitenje ndi masikipa nthawi ya kampeni, tidzalandire, kenaka tidzawafunse pamaso pa anthu kuti pa mapuloti amene anagawidwa m'wodi muno, angati ali m'dzina la mkazi wawo, la mlamu wawo ndi la dalaivala wawo.