ZA UMOYO WA PA MUDZI: Nkhondo Imene Ibwera M'tulo

Tambala woyamba asanalire, m'nyumba zina za m'boma la Chadiza mumamveka kukuwa kumene ana a pa khomopo anakuzolowera kale. Wokuwayo si mwana ai. Ndi bambo wa imvi, mwini ng'ombe ndi nkhokwe, kapena mai amene adzukulu ake anayamba kale sukulu. Adzidzimuka thukuta liri kamu-kamu, mtima ukugunda, nafufuza citseko mu mdima kuti aone ngati mpiringidzo ulipo. Mkazi wake akafunsa kuti, "Nanga n'ciani, aPhiri?" iye angoti, "Palibe kanthu, Nabanda, gonani." Koma mwini wake sagonanso. Kukaca apita kumunda ndi thupi lolema, khasu limlemera, mau acepa, ndipo mwana akagwetsa mbale amkalipira koposa mlandu wake.

Ambiri amayesa kuti maloto oopsa ndi za ana, ndipo munthu wamkulu acita manyazi kuwachula. Cifukwa ca manyaziwo, bvuto limeneli likhala m'nyumba zaka ndi zaka osafika ngakhale pa bwalo kapena pa cipatala.

Akulu-akulu a m'dziko la mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume safuna wina wowauza kumene ena mwa maloto awa anacokera. Malire a Mozambique ali pafupi, ndipo anthu a ku Chifunde m'cigawo ca Tete ndi Acewa omwewo a Kalonga Gawa Undi, amene amakwatirana ndi kuikana maliro ndi a tsidya lino. Pamene a FRELIMO anayamba kumenyana ndi Apwitikizi m'cigawo ca Tete m'caka ca 1968, moto unalumpha malire. Pa 30 June 1969 mabomba a Apwitikizi anagwa pa mudzi wa Lote m'boma la Katete, ndipo nkhaniyo inafika ku United Nations, kumene Portugal anadzudzulidwa pa 28 July caka comweco. Mozambique analandira ufulu pa 25 June 1975, koma mtendere sunakhalitse. Nkhondo ya pa ciweni-weni inabuka pakati pa Boma ndi a RENAMO, amene anthu anali kuwacha Matsanga, ndipo kuyambira 1987 zigawengazo zinayamba kulowa m'midzi ya m'malire ya Chadiza, Katete ndi Petauke. Zinapha anthu, zinatenga ng'ombe ndi cimanga, ndi kugwira ena kuti asenze katundu wobedwayo. Mabanja anali kusiya nyumba madzulo ndi kukagona kuthengo. Othawa nkhondo ocokera tsidya lija anasonkhanitsidwa ku Ukwimi, m'boma la Petauke la nthawiyo.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 ndi a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama, ndipo othawa nkhondo ambiri anabwerera kwao. Masiku ano magalimoto a katundu angodutsa pa Chanida. Koma mwana amene anali ndi zaka 10 mu 1988, amene anagona m'cigwa amake atamgwira pakamwa kuti asalire, anakwanitsa zaka 40 mu 2018. Kwa ena a msinkhu umenewo ndi kwa makolo ao, pangano la ku Rome silinalowe m'tulo. Galu akauwa usiku, iwo ali kale m'cigwa muja.

Madotolo anaona kale zimenezi mwa asirikali. M'caka ca 1917, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, dotolo W. H. R. Rivers anali kusamala asirikali a Britain pa cipatala ca Craiglockhart ku Edinburgh. Ambiri a iwo anali kukuwa usiku, akulota mizinga ndi mitembo ya anzao. Uphungu umene anali kulandira kwa ena unali wakuti aiwale zonse, asaganizepo konse. A Rivers anapeza kuti amene anali kulimbana kwambiri ndi maganizo ao masana kuti awakankhire kutali ndiwo anali kubvutika koposa usiku, ndi kuti munthu akaloledwa kukamba ndi kuganizira zimene anaona, pang'ono-pang'ono, dzuwa liri kuwala, maloto ake anali kucepa ukali. Pa nkhondo yomweyo amuna ambiri a dziko lino anatengedwa pa nchito ya mtenga-tenga, kusenza katundu wa asirikali omenyana ndi Ajeremani. Iwo anabwera kumudzi ndi maloto ao nawasenzanso okha. Matendawa anadzalembedwa ndi dzina lake-lake m'buku la madotolo a ku America mu 1980, pambuyo pa nkhondo ya ku Vietnam. Zizindikiro zake ndi loto limodzi lobwera-bwera, kuopa malo kapena phokoso lokumbutsa tsoka lija, kudzidzimuka ndi kanthu kakang'ono, ndi mtima wa pacala. Si nkhondo yokha imene iwabala. Ngozi ya pa mseu, moto, kumenyedwa m'banja, kugwiriridwa, kapena kuona mwana akutsirizika m'manja zingathe kucita cimodzi-modzi.

Nanga n'cifukwa ciani malotowa akonda mbanda-kuca? Tulo siti ta mtundu umodzi. Mu 1953, pa yunivesite ya Chicago, a Eugene Aserinsky ndi a Nathaniel Kleitman anaona kuti pa nthawi zina za usiku maso a munthu wogona ayenda-yenda mofulumira pansi pa zikope, ndipo akamuutsa pomwepo, kawiri-kawiri anena kuti anali kulota. Tulo tolota timeneti tibwera pafupi-fupi pa mphindi 90 ziri zonse, ndipo titalika kwambiri kukamaca. Ndico cace munthu agona bwino cigonere, koma cimpeza nkhuku ziri pafupi kutsika.

Pa tulo tomweti thupi limangidwa, manja ndi miyendo zilefuka, kuti wolota kuthamanga asadzuke ndi kugunda cipupa. Nthawi zina nzeru zigalamuka thupi lisanamasuke. Munthu atsegula maso, aona denga la nyumba yake yomwe, koma sangathe kutukula ngakhale cala. Afuna kukuwa, mau osaturuka. Amva ngati cinthu colemera camkhalira pa cifuwa, ndipo mwina aona cithunzi-thunzi ca munthu pa khomo. Zimenezi zitha zokha pa kamphindi, ndipo sizipha. Zipeza kawiri-kawiri munthu amene wasowa tulo masiku angapo kapena wogona cagada. Anthu a mitundu yonse pa dziko azidziwa, ndipo mtundu uli wonse uli ndi cirombo cake cimene ucinamizira.

Apa ndi pamene loto lisanduka mlandu, ndipo mpofunika kunena mosabisa. Munthu akadzuka atapanikizidwa cotere, kapena atalota nkhalamba ya pa mudzi ikumthamangitsa, kukaca nkhani iyamba kuyenda kucokera ku citsime kufikira ku mowa: uje ndi mfiti, andikwera usiku, andilimitsa m'munda mwake. Wochulidwayo kawiri-kawiri ndi mai wamasiye wokalamba, kapena malume amene anakangana naye za malire a dimba. Palibe codabwitsa kuti nkhope yake ndiyo ioneka m'tulo, pakuti loto litunga m'nkhokwe ya mwini wake, ndipo munthu amene mtima unali kumuopa kapena kumsungira cakukhosi masana ndiye apezeka msanga usiku. Loto liulula za m'mtima mwa wolota. Za kumene mnzake anagona silidziwa kanthu. Koma cifukwa ca maloto otere nkhalamba zina zathamangitsidwa pa mudzi, zatenthedwera nyumba, ndipo zina zaphedwa. Lamulo la Zambia lonena za ufiti, limene liripo kucokera m'nthawi ya atsamunda, liwerenga kuchula munthu kuti ndi mfiti kukhala mlandu wolangidwa nao ku khoti. Nyakwawa imene ilandira loto ngati mboni pa bwalo iika mudzi wake m'moto, ndipo wolota uja, nkhalamba itacoka, apitirizabe kukuwa usiku monga kale.

Kulota akufa ndi nkhani ina. Makolo anali kunena kuti mzimu ukaoneka m'tulo ndiye kuti wadandaula kuti waiwalika, ndipo banja linali kufulula mowa ndi kusonkhana kuti liukumbuke. Akristu aitana akulu a mpingo kudzapemphera, nakumbutsana kuti ngakhale Yobu anadandaula kuti maloto anali kumuopsa. Miyamboyi iri ndi nzeru yake, pakuti icotsa munthu pa yekha ndi kuika katundu wake pakati pa abale. Ku Mozambique, nkhondo itatha, mabanja ambiri anali kusambitsa anyamata obwera kunkhondo asanalowe m'nyumba, monga analembera a Alcinda Honwana, mai wophunzira za miyambo wa dziko lomwelo, ndipo ambiri anathandizidwa kukhalanso pakati pa anthu. Coipa ciyamba pamene wina alandira mbuzi ndi nkhuku kuti aloze cala mbale wa wodwalayo.

Si loto loopsa liri lonse limene liri ndi mbiri yaitali kumbuyo kwake. Malungo otentha thupi alotetsa zoopsa. Nkhawa ya ngongole ya fetereza kapena ya mwana wodwala icita comweco, ndipo itha nkhawayo ikatha. Mankhwala ena a kucipatala alotetsanso. Efavirenz, amene anali m'mapiritsi a ma ARV a anthu ambiri zaka zapitazo, adziwika bwino pa zimenezi. Woona zotere asaleke mankhwala pa yekha, koma akauze a ku kiliniki, pakuti angathe kumsinthira. Kacasu ndiye wonyenga koposa. Ambiri obvutika ndi maloto amwa madzulo kuti agone tulo tofa nato, ndipo zoona, cigonere agona. Koma mowa upondereza tulo tolota kumayambiriro kwa usiku, ndipo ukasuluka m'thupi, tulo tija tibwera tonse pamodzi ndi ukali woposa. Cidakwa cimene caleka mowa mwadzidzidzi ndi kuyamba kunjenjemera kapena kuona zinthu zosaoneka kwa ena ciyenera kutengedwa kucipatala msanga, cifukwa pamenepo moyo uli pa ngozi.

Pali njira ina yosafuna ndalama imene madotolo anaiyesa ndi kuipeza yothandiza. Mu 2001 dotolo Barry Krakow ndi anzake a ku Albuquerque, ku America, anafalitsa zimene anapeza pakati pa amai amene anagwiriridwa ndipo anali kubvutika ndi maloto oopsa kwa nthawi yaitali: amene anaphunzitsidwa njirayi anacepekedwa maloto koposa amene anali asanaphunzitsidwe. Iri tere. Masana, mtima uli m'malo, munthu asankha loto limodzi, makamaka kuyamba ndi locepa ukali, nalisintha monga afunira mwini. Ngati m'lotomo amthamangitsa ndipo miyendo ikana, angaganize kuti wafika pa mtsinje napeza bwato, kapena kuti othamangitsawo asanduka mbuzi zake zobwera ku busa. Ndiye tsiku ndi tsiku, kwa mphindi 10 kapena 20, akhala pansi pa mtengo ndi kuyendetsa loto latsopanolo m'maganizo mwake, kuona mitundu yake ndi kumva mau ake. Safunika kudziwa kulemba. Poyamba zioneka ngati masewera a ana, ndipo bambo wolemekezeka angacite nazo manyazi, koma maloto obwera-bwera ali ngati njira ya ng'ombe yopita ku dambo, imene izama cifukwa ca kupondedwa. Njira yatsopano nayonso ifuna kupondedwa masabata angapo isanaoneke.

Wogona naye m'nyumba ali ndi mbali yake. Kuseka kapena kukamba za kukuwako pa gulu kutseka munthu pakamwa kwa caka cathunthu. Kumgwira mwadzidzidzi ali m'kati mwa loto kungacititse kuti aponye cibakera osadziwa. Cabwino ndi kumuitana ndi mau ofatsa, kuyatsa nyali, ndi kumuuza kumene ali: "Muli kunyumba, aPhiri, ana ali m'tulo, ng'ombe ziri m'khola." Za lotolo zikambidwe kutaca, ngati mwini wake afuna, ndi munthu amene iye amkhulupirira.

Maloto akapitirira mwezi, akamabwera kangapo pa sabata, munthu nayamba kuopa mphasa yake, kulephera nchito, kumenya a m'banja kapena kumwa kuti agone, nthawi ya kucipatala yakwana. Woyamba kukamba za kudzipha asadikire kuti kuce kawiri. Apite naye tsiku lomwelo. Ambiri aopa kuti akangochula za m'mutu adzatumizidwa ku Chainama ku Lusaka ndi kuchedwa amisala, koma kulota zoopsa si misala, ndipo lamulo latsopano la 2019 lonena za umoyo wa maganizo, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la atsamunda, liteteza ulemu wa wodwala wotere. Poyambira ndi pa kiliniki yapafupi kapena pa cipatala ca boma ca Chadiza, ndipo ofunika thandizo loposa atumizidwa ku cipatala cacikuru ca Chipata. Popita atenge mapiritsi onse amene akumwa, anene zoona za mowa, ndipo ngati nkotheka atsagane ndi mkazi kapena mwamuna wake, pakuti wogona pambali ndiye adziwa bwino kuti pa sabata yatha anadzutsidwa kangati.