Atsogoleri a ophunzira m'Chongwe: ndani akuwagwira dzanja?

Caka ciliconse masukulu a m'boma lathu la Chongwe amasankha atsogoleri pakati pa ophunzira. Ku masekondale monga Chongwe Secondary ndi Mukamambo II Girls kuli ma prefect ndi owatsogolera. Ku Chalimbana University kuli bungwe la ophunzira lokhala ndi atsogoleri ocita kuvoteredwa. Ambiri a ife timaona maudindo amenewa ngati masewera a ana, baji pa cifuwa basi. Koma mtsikana wa zaka 17 amene wapatsidwa mphamvu yolemba maina a anzake olakwa, kapena mnyamata wa zaka 22 amene wasungitsidwa ndalama za bungwe, wayamba kale kulawa ulamuliro. Akuphunzira ngati mphamvu ndi yotumikira nayo anthu kapena yodyera. Funso limene tiyenera kudzifunsa ndi lakuti akuphunzira kwa yani.

Cifukwa cake nkhaniyi yakula tsopano

Pali zinthu zitatu zimene zakweza nkhaniyi. Coyamba ndi maphunziro aulere amene boma linayamba mu January 2022, kucokera ku sukulu za ana aang'ono mpaka Grade 12. Ana ambiri amene anali pakhomo anabwerera ku sukulu, ndipo ici ndi cinthu cothokoza. Koma makalasi anadzaza. Ngakhale boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000 caka comweco, mphunzitsi mmodzi sangaone zonse zocitika pakati pa ana oculuka cotere. Nchito yambiri yosunga mwambo, makamaka m'malo ogona ku masukulu a boarding, yagwera pa ma prefect amene sanaphunzitsidwe kaweruzidwe ka milandu.

Caciwiri ndi ndalama za CDF. Mu 2022 thumba limeneli linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo mbali ina imalipirira ana a ku boarding ndi acinyamata ophunzira nchito za manja. Izi zitanthauza kuti zosankha zokhudza madesiki, makalasi atsopano ndi ma bursary zikucitikira pafupi, m'makomiti a m'ma ward ndi ku khonsolo. Mtsogoleri wa ophunzira amene adziwa njira ya pempho kucoka ku ward kufika ku komiti ya CDF angathandize anzake. Amene sadziwa amangotsala ndi mkwiyo.

Cacitatu ndi masankho a pa 13 August 2026. Munthu amavota akakwanitsa zaka 18, ndipo malamulo a dziko amalola munthu wa zaka 19 wokhala ndi Grade 12 kuima pa ukhansala, wa zaka 21 kuima pa uphungu wa nyumba ya malamulo. Mwana amene lero ali head girl angathe kupempha mavoti athu pa masankho a 2031. Zipani zandale zimadziwa bwino masamu amenewa. Zinaona mu 2021 kuti voti ya acinyamata ikhoza kusintha boma, ndipo sizidzadikira kuti mipingo ndi makolo tidzuke.

Zimene mbiri ikutiuza

Mau a ophunzira akhala ndi mphamvu m'dziko lino kuyambira kale. University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo mu 1971 inatsekedwa kwa kanthawi pambuyo pa zionetsero za ophunzira ku ofesi ya kazembe wa France, potsutsa kuti dzikolo linali kuthandiza boma la tsankho la South Africa ndi zida za nkhondo. Mu 1976 inatsekedwanso kamba ka kusiyana maganizo ndi boma pa nkhondo ya ku Angola. Mu June 1990, mtengo wa unga utakwera, ophunzira a pa yunivesite yomweyo anali pakati pa oyamba kutuluka m'misewu ya Lusaka, ndipo caka cotsatira dziko linacita masankho a zipani zambiri.

Mbali ina ya mbiriyi ndi yowawa. Mu October 2018 wophunzira wamkazi wa pa University of Zambia anamwalira pa cipolowe cimene cinabuka kamba ka kucedwa kwa ndalama za cakudya. Mu 2019 boma linacotseratu ndalamazo, ndipo zinabwezeretsedwa mu 2023. Pa zaka zonsezi, dandaulo la ophunzira linali loona: munthu sangaphunzire ndi njala. Koma njira yoperekera dandaulolo inali kusiya maliro, magalasi osweka ndi masukulu otsekedwa. Akulu a maudindo anali ndi mbali yao yaikulu ya mlandu posamva msanga. Ifenso tingafunse kuti ndi akulu angati anakhalapo pansi ndi atsogoleri a ophunzirawo moto usanabuke, kuwaphunzitsa kulemba kalata ya madandaulo, kupempha msonkhano ndi kukakamira pa mfundo popanda kuponya mwala.

Ife a ku Chongwe sitiyenera kuyang'ana kutali kuti tipeze citsanzo. Chalimbana yakhala malo osulira atsogoleri kuyambira 1939, pamene sukulu ya Jeanes inakhazikika kumeneko ndi kuphunzitsa aphunzitsi oyendera masukulu a m'midzi. Pambuyo pake inakhala koleji yoonjezera maphunziro a aphunzitsi amene ali kale pa nchito, ndipo lero ndi yunivesite. Pafupi pomwepo pali Chalimbana Local Government Training Institute, kumene anchito a makhonsolo amaphunzira kayendetsedwe ka maboma aang'ono. Tilinso ndi utsogoleri wa makolo. Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II akhala pa mpando kuyambira 1971, ndipo aliyense amene anafikapo ku mwambo wa Chakwela Makumbi amadziwa kuti mfumu imayenda ndi nduna zoilangiza. Nzeru zili pakhomo pathu. Cimene cikusoweka ndi njira yozifikitsa kwa ana amene anyamula udindo lero.

Kulangiza ndi kugula

Ena anganene kuti akuluakulu amafika kale ku masukulu. Ndi zoona. Pa tsiku lopereka mphoto kumabwera mlendo wolemekezeka, amalankhula mphindi makumi atatu, amauza ana kuti ndiwo atsogoleri a mawa, kenaka amakwera motoka. Zimenezi ndi zabwino, koma ulangizi weniweni umafuna munthu amene adzabweranso mwezi wamawa, wodziwa dzina la mwanayo ndi vuto limene akulimbana nalo.

Palinso mtundu wina wa alangizi umene tiyenera kuucenjera. Ndi munthu amene amayamba ndi kupatsa mtsogoleri wa ophunzira ndalama ya transport, kumugulira foni, kumusindikizira mapepa a kampeni pa masankho a bungwe. Sapempha kanthu tsiku loyamba. Koma tsiku limafika pamene afuna gulu la acinyamata pa msonkhano wa cipani, kapena afuna kuti bungwe likhale cete pa nkhani inayake. Mwanayo amapeza kuti ali ndi nkhongole imene sanasainire. Umu ndi mmene makada amabadwira. Tinaona m'zaka zapitazi zimene makada anacita m'misika ndi m'masiteshoni a basi a mu Lusaka, ndipo ambiri a iwo anayamba ngati acinyamata olimba mtima amene munthu wina wa ndalama anawaona msanga.

Kusiyanitsa kwake sikovuta. Mlangizi woona amakumana ndi mwana poyera, sukulu ndi makolo akudziwa. Amakondwa mwanayo akamutsutsa ndi mfundo. Amamudziwitsa kwa anthu ena anzeru, ngakhale a cipani cina kapena mpingo wina. Wogula amakonda kuitanira mwana kumbali, amakwiya akafunsidwa mafunso, ndipo amafuna kuti mwanayo adalire iye yekha. Sitikunena kuti andale asayandikire ophunzira. Phungu, meya ndi khansala ali ndi zambiri zophunzitsa, monga mmene bajeti ya khonsolo imapangidwira ndi cifukwa cake msewu wina umakonzedwa caka cino pamene wina udikira. Abwere ngati akulu a maudindo a boma, asiye zovala za cipani kunyumba, ndipo alole mafunso ovuta.

Zimene ana awa afunika kuphunzira

Zambiri zimene mtsogoleri wa ophunzira afunika ndi zinthu zazing'ono zimene anthu a nchito amazicita tsiku ndi tsiku. Wowerengera ndalama angaonetse msungicuma wa bungwe kalembedwe ka ndalama zolowa ndi zotuluka, kusunga malisiti, ndi cifukwa cake ndalama za gulu siziyenera kutuluka ndi saini ya munthu mmodzi. Mlembi wa ku khonsolo angaphunzitse kulemba ma minutes, kuti zimene anagwirizana ndi akulu a sukulu zisakanidwe mawa. Loya kapena wapolisi angafotokoze kuti wolakwa amamvedwa asanalangidwe, ndi kuti kumenya mwana pa sukulu ndi koletsedwa, kaya womenyayo ndi mphunzitsi kapena prefect. Nasi angathandize ma prefect kudziwa zoyenera kucita mnzao akadwala usiku, akatenga mimba kapena akayamba mankhwala osokoneza bongo.

Tengani nkhani ya madzi. Tonse tidziwa mmene mtsinje wa Chongwe umaphwerera m'cilimwe ndi mmene mipope imaumira m'tauni. Madzi akasowa pa sukulu ya boarding, ophunzira amathamangira kwa atsogoleri ao. Mtsogoleri wosalangizidwa ali ndi njira ziwiri cabe: kukhala cete kuti asadane ndi akulu a sukulu, kapena kutsogolera gulu ku msewu wa Great East. Wolangizidwa amadziwa kusiyanitsa vuto la sukulu ndi la kampani ya madzi, amadziwa kalata ipite kwa yani, amawerenga masiku amene madzi sanatuluke, ndipo amabwerera kwa anzake kukawauza zoona, ngakhale yankho likhale losakoma.

Phunziro lovuta koposa ndi kutula pansi udindo. Mwana aphunzire kugonja pa masankho osanena kuti amubera, kupambana osanyoza amene sanamuvotere, ndi kupereka mabuku ndi makiyi kwa womulowa m'malo nthawi ikakwana. Dziko lathu limatamandidwa cifukwa boma linasintha mwamtendere mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021. Khalidwe limeneli silidzadzisunga lokha. M'mera mpoyamba.

Nkhawa imene ili yomveka

Ophunzira ena amakayikira ulangizi wa akulu. Amati ndi njira yowaziziritsa, kuti asamalankhule zolakwika zimene akuona. Nkhawa imeneyi tisainyoze. Akulu ambiri tikamati mwana ndi waulemu timatanthauza kuti sayankha. Tikadalangiza ophunzira a mu 1990 mwa njira imeneyo, tikadawauza kuti akhale cete. Colinga ca mlangizi ndi cakuti mau a mwanayo amveke bwino ndi kufika kumene ayenera kufika. Nkhani ya Rehabiamu pa 1 Mafumu 12 timakonda kuigwiritsa nchito podzudzula acinyamata osamvera akulu. Koma tikumbukire kuti akulu aja anamulangiza kumvera dandaulo la anthu ndi kupeputsa goli lao. Mau a akulu akoma akagonera ngati akuluwo ananena zoona.

Nkhawa yaciwiri ndi citetezo ca atsikana. Mwamuna wa udindo ndi ndalama akapatsidwa mpata wokumana yekha ndi mtsikana wa pa sukulu m'dzina la ulangizi, tatsegula khomo la zoipa. Lamulo la Children's Code la 2022 limateteza mwana aliyense, ndipo mpingo suyenera kucedwa kumbuyo kwa lamulo. Atsikana alangizidwe ndi amai, misonkhano icitikire pa sukulu kapena pa malo oonekera, ndipo mphatso za ndalama kwa mwana mmodzi zisaloledwe.

Mbali yathu

M'mipingo yathu mumakhala aphunzitsi, manasi, apolisi, alangizi a zaulimi, anchito a ku khonsolo ndi a ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, amalonda, ndi ambiri opuma pa nchito amene ali ndi nthawi komanso nzeru za zaka zambiri. Mpingo uliwonse ungathe kulemba maina a anthu okonzeka kupereka ola limodzi kapena awiri pa mwezi, kuwaunika makhalidwe monga timacitira posankha akulu a mpingo, ndi kupita nao kwa a headteacher kukapempha cilolezo. Sukulu ndiyo ikhale mwini wa nchitoyi. Ana a mipingo ina ndi a zipembedzo zina alandiridwe mofanana, pakuti prefect amatumikira sukulu yonse.

Tisaiwale masukulu akumidzi. N'kosavuta kuti alangizi onse aunjikane pa masukulu a pafupi ndi tala, pamene mwana wa kutali sanaonepo loya kapena injiniya ndi maso. Mipingo ili ndi nthambi kufikira kumene motoka za akuluakulu sizifika, ndipo mwayi umenewu tiugwiritse nchito.

Pomaliza, ana amaphunzira kwambiri pa zimene amaona. Ngati msungicuma wa mpingo wathu sapereka lipoti la ndalama, ngati masankho a mabungwe athu a amai, a abambo ndi a acinyamata amatha ndi magawano, tidzakhala ndi manyazi poima pamaso pa ma prefect. Tiyambe ndi kukonza mabuku athu, kenaka tipite ku sukulu imene ili pafupi nafe term ino isanathe, tikafunse a headteacher kuti atsogoleri a ophunzira ao akusowa thandizo lotani.