Choboolera cha manja sichidikira ESCOM

Magetsi akazima ku Ndirande, mashedi ambiri a akalipentala amangoti zii. Anyamata amene anazolowera makina amakhala pabenchi, maso pafoni, kudikira kuti ayake. Koma sipalephera kupezeka bambo wachikulire amene ntchito yake ikupitabe. Iye amatenga choboolera chakale chija chokhota pakati, n'kutsamiza mutu wa chidacho pachifuwa, dzanja lamanja likupukusa. Thabwa la mlombwa limalavula tizipalapala topotana. Nsonga ikangosuzumira kuseri, amatembenuza thabwalo n'kumalizira mbali inayo kuti lisanyotsoke.

Ine zida zimenezi ndimazilemekeza, ndipo zimandiwawa ndikamva wina akuzitcha zachikale. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Kwa nthawi yoposa chaka magetsi ankangobwera mwa apo ndi apo. Ku Bangwe ndi ku Zingwangwa, amene anali ndi zida za manja sanasiye kupereka zitseko ndi mabedi kwa eni ake. Maliro nawo sayang'ana ndandanda ya ESCOM, bokosi limafunika tsiku lomwelo.

Komatu nkhani si ya magetsi okha. Dzanja limamva thabwa. Pomanga hinjesi ndi sikuludiraiva ya chigwiriro cha mtengo, mmisiri amadziwa pamene sikuluwu yafika, ndipo amaleka. Makina ali m'manja mwa wophunzira amapitirira, mutu wa sikuluwu n'kudyeka, paini n'kung'aluka. Amisiri akale amayamba aboola kabowo kotsogolera, kenaka n'kupaka sikuluwuyo sopo kuti ilowe mosakakamira mu mbawa. Izi mwana amaziphunzira ataima pambali pa mmisiri, osati pakanema wa pafoni.

Tchalitchi cha St Michael and All Angels chija timanyadira ku Blantyre Mission chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, magetsi kulibe. Bowo lililonse la m'matabwa ake linabooledwa ndi manja.

Ndikanakonda TEVETA ndi aphunzitsi a ku Soche Technical College akanamaonetsetsa kuti wophunzira asakhudze makina asanathe kuboola mowongoka ndi manja. Ndipo inu amene munasiyiridwa bokosi la zida ndi malemu bambo anu, musalipereke kwa ogula zitsulo pa kilo. Dzimbiri limachoka ndi palafini ndi sandipepa, mano a nsonga amanoledwa ndi tupa, ndipo madontho awiri a oyilo ndi okwanira kuti choboolera chiyambenso kuzungulira.